Chithunzi cha pa chiliza, K130,000 yosabwera, ndi zoti tizilemba tisanagwire pensulo

Nachisale: Mwaswera bwanji nonse. Pepani ndilemba zambiri, zandikwana. Mwezi wathawu bambo wina wa kwathu kuno ku Zomba koma amakhala ku Joni anandipeza pa Facebook, akufuna chithunzi cha malemu mayi awo. Akuti amanga chiliza, ndiye tsiku lochivundukula chithunzicho chidzakhale pa tebulo. Ananditumizira kachithunzi kakale ka pa chiphaso, nkhope ngati munthu ali mu chifunga. Tinapangana K150,000, cha makala, pepala la A3. Anatumiza K20,000, akuti ya zipangizo, yotsalayo ndikamaliza.

Ndinachigwira milungu itatu. Nditaonetsa, akuti mphuno yakula. Ndakonza. Akuti achemwali awo a ku Lilongwe akukana, mayi sankamwetulira choncho. Ndakonza. Kenaka duku likhale la Mvano. Kenaka ayi, bwezerani lija loyamba. Kasanu ndi kawiri abale, pepala mpaka linayamba kutha ndi chofufutira, ndinachita kuyambiranso pa lina. Pomaliza anati nditumize chooneka bwino kuti aonetse akuluakulu a ku banja. Ndinachijambula ndi kamera ya mnzanga, ndikutumiza ngati document kuti chisaphwanyike. Kuyambira tsiku limenelo zii. Mauthenga akuwerenga, kuyankha ayi.

Loweruka lapitali ndikuona pa Facebook anthu pa manda atavala matisheti, nkhope ija ili pachifuwa. Pa pulogalamu ya mwambo ilinso. Dzina langa la m'munsi adula. Pepala lenilenilo lili kuno latsamira khoma, mayi a eni ake akungondiyang'ana. Nditani? Ndipo inu anzanga mumatani kuti zotere zisakuonekereni?

Digito_265: Iii asisi pepani. Koma mwatumiza ngati document?? Pamenepo ndiye munawapatsa mbale ndi ndiwo zomwe 😭

Admin Phiri: Mphwanga, munthu akulira usamuwerengere zolakwa poyamba. Achemwali pepani kwambiri. Nkhani iyi ikhale pano mpaka mawa, zotsatsa malonda dikirani kaye. Amene muli ndi nzeru bwerani nazo.

Madala Gondwe: Mwana wanga pepa. Ine ndayamba kulemba zikwangwani za magolosale ku Mzuzu kuno ambiri a inu musanabadwe, ndipo ndadyeredwapo kosawerengeka. Lamulo langa ndi limodzi: theka patsogolo. Osati "ya zipangizo", chifukwa ukatero wamuuza kuti nthawi yako ndi yaulere, chogula ndi penti yekha. Theka. Wokana theka sadzalipira zonse, ameneyo wangokuthandiza pokuonetsa msanga.

Nangondo_Leeds: Asisi Nachisale ndamva chisoni, makamaka podula dzinapo. A Gondwe anena zoona koma theka lokha silikwanira. Onani bwino, pa nkhani yanuyi pali mabala anayi osiyana: ndalama yoyamba inachepa, kusintha kunalibe malire, chithunzi chenicheni chinachoka m'manja ndalama isanalowe, ndipo simunapangane kuti achigwiritsa ntchito yanji. Lililonse lili ndi mankhwala ake, ndipo onse amalowa pa tsamba limodzi limene munthu amawerenga ndi kuvomera musanayambe. Ine kuno ku Britain ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, zojambula ndi za usiku ndi pa wikendi, ndiye nthawi yanga ndimaiumira. Sindisongola pensulo munthu asanandiyankhe kuti wavomera.

Madala Gondwe: Za mapepala izo ndi za kwanu ku Ulaya mayi. Kuno munthu ukamupatsa chikalata amayamba kukuona ngati wa katapila. Amati "simukundikhulupirira?" basi wapita kwa mnyamata wa pa msika.

Nangondo_Leeds: Madala, kodi telala akamalemba miyezo ndi tsiku lodzatenga m'kabuku kake kaja, kasitomala amakwiya? Nanga kalipentala akalemba pa khoma kuti mwapereka zingati, zatsala zingati? Timalemba kale. Chimene chimaopseza anthu ndi Chingerezi cha maloya chokopera pa intaneti, masamba anayi, chodzaza mawu oti ngakhale mwini wakeyo sakuwamva. Lembani m'Chichewa, mizere khumi, ngati mukucheza.

Madala Gondwe: Telala uja amalemba, inde, koma diresi la Khrisimasi mumakatenga pa Isitala kkkk

Tembo wa pa Chipata: Kkkkk madala mwalasa. Koma ine ndiwonjezere kanthu kamene kanandigwetsa manyazi. Mukamalemba mtengo, tchulani kuti kwacha yake iti. Mayi wina wa ku Mchinji anandifunsa mtengo wa logo ya saluni yake, ine ndikuti K800. Anavomera msangamsanga mpaka ndinadabwa kuti lero ndadzuka bwino. Ine ndimanena ya kuno ku Zambia, iye akuwerenga ya Malawi, ndalama yosakwana ndi sopo yemwe. Tinaseka, koma ntchito inali itayambika. Pano ndimalemba ZMW kapena MWK, zilembo zitatu basi.

Digito_265: 😂😂 logo ya K800

WaKuJoni: Ndalowa mochedwa, ndinali pa shifiti. Achemwali, choyamba ndipepese m'malo mwa ife a ku Joni, si tonse otero. Chachiwiri, munthu ameneyo asakunamizeni kuti kutumiza ndalama nkovuta. Mukuru, Mama Money, Hello Paisa, zonsezi zimagwetsa ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba tsiku lomwelo. Timatumiza ya fetereza ndi ya fizi mwezi ndi mwezi. Amene wakwanitsa kudinda matisheti ndi kumanga chiliza sangalephere K130,000. Wangoona kuti chimene amafuna wachipeza kale.

Ndipo njira zimenezi kwa wojambula ndi zabwino pa chifukwa chimodzi chachikulu: ndalama ikalowa pa foni yanu nkukaitapa kwa ajenti, yatha, wotumiza sangaibweze ndi batani. Si ngati za makhadi.

Nachisale: Achimwene fotokozani za makhadizo. Pali mzungu wina wa ku Canada anaona ntchito zanga pa Instagram, akufuna ndijambule galu wake, akunena za PayPal, njira yolipirira pa intaneti. Pano ndikuopa chilichonse.

Nangondo_Leeds: Apa ndiye pofunika kukhala pansi. PayPal ili ndi njira ziwiri zotumizira. Ina ndi ya Friends and Family, ya abale ndi abwenzi, ina ndi ya Goods and Services, ya malonda. Ojambula ambiri amauza kasitomala kuti atumize pa ya abale pothawa kudulidwa kandalama. Musayerekeze. Malamulo awo amaletsa kulandira ndalama ya malonda kudzera pamenepo, ndipo akakugwirani akhoza kutseka akaunti ndalama zili momwemo. Komanso kasitomala wozindikira akamva zimenezo amathawa, chifukwa pa njira imeneyo iye alibe chitetezo chilichonse, ndipo ndi mmene akuba amapemphera.

Njira yabwino ndi kutumiza invoice, chikalata chosonyeza ndalama zoti alipire. Pa invoice pali malo olembapo mfundo zanu, ndiye munthu akalipira, umboni woti anaziona uli pomwepo. Kandalama kodulidwako kawerengereni mu mtengo kuyambira pachiyambi, osati kudzamuuza pamapeto kuti onjezerani.

Tsopano zowawa zake. Wogula ali ndi masiku 180 oti akhoza kudandaula kuti sanalandire katundu. Miyezi isanu ndi umodzi asisi. Ngati analipira ndi khadi, akhozanso kudumpha PayPal nkupita ku banki yake kukapempha kuti ndalama ibwezedwe, chimene amati chargeback. Ndipo ngati akaunti yanu ndi yatsopano, ndalama zoyamba amatha kuzigwira mpaka masiku 21 musanazikhudze. Ndiye mukaona nambala pa sikirini musathamangire kukatenga katundu pa ngongole. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Digito_265: Chargeback inandipezapo ine. Sinditchula kampani. Ndinajambula anthu awiri a m'gemu ya mnyamata wina wa ku America, $90, iye kusangalala, mpaka kuika pa profile. Patatha miyezi itatu uthenga ukubwera kuti mwini khadi akuti sakudziwa za malipiro amenewo. Kunapezeka kuti kamwanako kanagwiritsa khadi la mayi ake. Ndalama inabwerera, nkundidulanso ina pamwamba. Ine $90 ndinali nditadya kalekale, ndinagulira bandulo ndi batire ya laputopu. Pano mzere woyamba wa mfundo zanga umati ndimagwira ntchito ndi azaka 18 kupita m'tsogolo, ndipo dzina la wolipira lifanane ndi la amene ndikulankhula naye.

Nangondo_Leeds: Eya. Ndipo sungani chilichonse. Macheza onse, sikechi imene anavomera, tsiku limene munatumiza, uthenga wake woti "ndalandira, zikomo". Mlandu ukabuka amene amaweruza sakudziwani, amangoona mapepala. Chojambula cha pa kompyuta chilibe risiti ya ku positi, ndiye umboni wanu ndi umenewo. Ine ndimatumiza pa imelo, osati pa WhatsApp pokha, ndipo ndimapempha munthu ayankhe.

Admin Phiri: Funso limene ambiri akundifunsa ku inbox, ndiliponye pano: nanga kugwiritsa akaunti ya m'bale amene ali kunja?

WaKuJoni: Ambiri amatero, ine ndinalandirirapo mphwanga. Kuno PayPal timatapa kudzera ku banki ya FNB, zimatheka. Koma ndinasiya. Tsiku limene kasitomala wake anadandaula, akaunti imene inagwidwa ndi yanga, ndi ndalama zanga zomwe. Ndipo kunena chilungamo, mbali inayo nayonso ilipo: ndalama ya mphwako ikakhala m'manja mwako pamene lendi yakwana, satana amayandikira. Chibale chimatha chifukwa cha $60. Ngati mulibe njira ina, pangananani kuti azidula zingati ndipo azitumiza pasanathe masiku angati, mulembe ngakhale ndi wa bere limodzi.

Digito_265: Ine ndinathawira ku Fiverr, tsamba la pa intaneti lopezerapo makasitomala, chifukwa cha zomwezi. Amadula 20%, zimawawa, pa $100 umatsala ndi $80, ndipo umadikira masiku 14 kuti ndalama ipse. Koma kasitomala amalipira kaye kwa iwo ntchito isanayambe, ndiye za "ndikupatsa mawa" kulibe. Ndimatulutsa kudzera pa Payoneer, kampani yolandirira ndalama zakunja. Ko-fi, tsamba lina lolandirirapo ndalama, ndi yabwino koma imadalira kuti ukhale ndi PayPal kapena inzake Stripe, ndipo Stripe kuno sitingatsegule.

Madala Gondwe: 20%! Mwana iwe, ndiye ukulima munda wa eni.

Digito_265: Madala bola kulima wa eni nkudya kusiyana ndi kulima wako anyani nkukolola 😅

Mai a Tadala: Ndakhala ndikungowerenga. Ine za madola sindizidziwa, makasitomala anga ndi a konkuno ku Lilongwe, maukwati ndi ma bridal shower. Ndikufuna ndichenjeze za screenshot. Masiku ano ana amatha kukonza uthenga wooneka ndendende ngati wa kampani ya foni, dzina lanu, ndalama, nambala ya transaction, zonse. Mtsikana wina anabwera kudzatenga chithunzi cha mu fulemu, akundionetsa foni yake kuti onani zapita, mwina netiweki. Ine ndi ulemu wanga ndinamupatsa. Mpaka lero netiwekiyo sinabwerebe. Pano ndimayang'ana balansi pa foni yanga ine mwini, uthenga wa pa foni ya wina si ndalama.

Ndi aja oimba kuti "pepani mayi ndatumiza kwa inu molakwitsa, ndibwezereni", musawabwezere. Auzeni aimbire kampani ibweze yokha.

Nangondo_Leeds: Mtundu wa kunja wa bodza lomwelo ulipo, ndipo asisi Nachisale muusamale pa nkhani ya galuyo. Munthu amavomera mtengo osanenerera, kenaka mumalandira imelo yooneka ngati ya PayPal yoti walipira mopyola, kapena yoti akaunti yanu ikufunika "kukwezedwa" ndiye mutumize kaye ndalama ina. Mukalowa mu akaunti yeniyeniyo muli mbee. Musadine chilichonse cha mu imelo, tsegulani app nokha muone. Ena amabwera ndi nkhani yoti akufuna kugula zojambula zanu ngati NFT, chiphaso cha umwini cha pa intaneti, pa madola masauzande, bola mulipire kaye kandalama kolembetsera. Chikomekome cha mkuyu.

Nachisale: Wa galuyu ananenerera mtengo mpaka ndinatopa, ndiye mwina ndi weniweni kkk. Koma abale bwererani ku chiliza. Matisheti aja ali ndi ufulu wodinda? Chithunzi ndi changa kapena ndi chawo?

Namaluwa: Ndiyankhe ine pang'ono, ndinaphunzirako malamulo ngakhale pano ndimapanga za nsalu. Kuno kwathu tili ndi Copyright Act ya 2016, ndipo bungwe loyang'anira ndi COSOMA. Umwini wa ntchito ya luso sudikira kuti ukalembetse, umayamba pamene waipanga, ndipo umakhala moyo wako wonse kuphatikiza zaka 50 utamwalira. Wojambula alinso ndi ufulu wotchulidwa dzina pa ntchito yake, ndiye kudula siginecha kuja si nkhani yaing'ono.

Koma pa ntchito yochita kukutuma, maiko amasiyana, ndipo apa mpamene ambiri timagwera. Ku Britain, lamulo lawo la 1988 limasiya umwini kwa wojambula ngakhale wina walipira, pokhapokha atalemberana zina. Ku South Africa ndi zotembenuza: lamulo lawo la 1978 limati munthu akatuma wina kujambula chithunzi cha nkhope ya munthu, nkulipira kapena kuvomera kuti adzalipira, umwini ndi wa wotumayo. Mwamva? Ngakhale kungovomera kulipira. Koma lamulo lomwelo limalola kuti awiriwo apangane mosiyana. Ndiye inu amene makasitomala anu ali ku Joni, ku Cape Town, mzere umodzi woti "umwini ukhala wanga, inu mwagula chithunzi chopachika" ndi umene ukusiyanitsa. Popanda mzere umenewo mudzakangana za malamulo a maiko awiri pa ndalama yosakwana kulipira loya ola limodzi.

WaKuJoni: Aaa izi sindimazidziwa ine, zaka zonsezi ndili kuno.

Namaluwa: Koma ngongole ndi ngongole, kulikonse. Anavomera K150,000, walipira K20,000. Ndipo macheza a pa WhatsApp musawapeputse. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limalola uthenga wa pa foni kapena kompyuta kukhala umboni. Musafufute kanthu. Chitani export chat yonseyo mudzitumizire pa imelo, foni ikhoza kugwera m'madzi. Sungani ndi zithunzi za matisheti zija asanazichotse.

Madala Gondwe: Khoti munthu ali ku Joni? Mayi, mudzatha nsapato. Ine ndinena zachikale. Chiliza chili ku Zomba, abale ake ali ku Zomba. Pezani mwini mbumba, amalume ake. Mupite mwaulemu, chithunzi chija m'manja, munene kuti ndabweretsa mayi, koma mwana wanu sanamalize. Palibe banja limene lingalole kuti nkhope ya malemu ikhale ndi ngongole. Ndalama imeneyo ituluka sabata isanathe.

Mai a Tadala: Apa madala mwanena. Ndipo musamuyalutse pa Facebook. Nkhani ya maliro anthu amaima ndi ofedwa, mudzapezeka woipa ndinu.

Digito_265: Ine ndikanamuika basi, dzina ndi nkhope. Anthu otere amaopa manyazi okha.

Namaluwa: Mphwanga, ukamutchula wakuba pagulu iye ndi amene angakusumire. Usapatse munthu ndodo yokumenyera.

Admin Phiri: Ndipo pagulu pano sitiika maina kapena manambala a makasitomala, mukudziwa kale.

Tembo wa pa Chipata: Ndibwerere pa kusintha kasanu ndi kawiri kuja, chifukwa kwa ine mpamene pamapita nthawi yambiri kuposa kuba kwenikweni. Vuto la zithunzi za malemu ndi la maukwati ndi loti kasitomala si mmodzi. Wolipira ndi mmodzi koma oweruza ndi mudzi wonse, ndipo aliyense amakumbukira mayi ake mosiyana. Wina akuwakumbukira ali ndi zaka 40, wina ali pa bedi ku chipatala. Simungawakhutiritse onse. Ine ndimati: sankhani munthu mmodzi wolankhula nane. Sikechi ikatuluka, zungulirani nayo banja lonse, musonkhanitse madandaulo onse, mubwere nawo kamodzi. Kawiri nkwaulere. Kachitatu kali ndi mtengo. Ndipo sikechi ikavomerezedwa, za kusintha duku kapena kutembenuza mutu zatha, chifukwa makala si kompyuta, palibe undo.

Chodabwitsa nchakuti ukangoika mtengo pa kusintha kwachitatu, mphuno ija imakhala bwino yokha.

Nachisale: Kkkkk a Tembo mwandiseketsa ndili ndi mkwiyo.

Mai a Tadala: China, mtengo ukhale ndi tsiku lothera. Mukukumbuka November 2023 pamene kwacha inagwa ndi 44%? Dola kuchoka cha m'ma K1,180 kufika K1,700 usiku umodzi. Ine ndinali nditapereka mitengo ya zithunzi zitatu za ukwati wa December, anthu atalipira kachikole kochepa. Popita kukagula kanvasi ndi penti, zonse zochokera kunja, mitengo ina. Ndinagwira ntchito imeneyo mwaulere, mwinanso ndinaonjezera zanga. Kasitomala sungamuuze kuti onjezerani, amati tinapangana. Pano ndimalemba kuti mtengo uwu ndi wa masiku 14, ndipo theka likangolowa ndimathamangira kukagula zipangizo tsiku lomwelo.

Madala Gondwe: Chaka chimenecho chitini cha penti ndinachiyang'ana ngati ndikuona ng'ombe.

Admin Phiri: Amene mumagwira ndi mabungwe ndi makampani, dziko lake ndi lina. Kumeneko theka patsogolo nthawi zambiri sizitheka, amafuna quotation, invoice, TPIN (nambala ya msonkho) ya ku MRA ndi akaunti ya ku banki, ndipo amalipira ntchito itatha, atadulako msonkho. Chokutetezani ndi LPO, chikalata choodera ntchito, kapena kalata yosainidwa, osati mawu a bwana wa pa foni, chifukwa bwanayo mawa asamutsidwa. Koma imeneyo tidzaitsegulire tsiku lake.

Nachisale: Chabwino. Ndakhala pansi ndi kandulo, magetsi kulibe, ndalemba izi. Ndikonzeni.

"Zikomo posankha ntchito yanga. Tisanayambe, werengani izi. Mtengo ndi MWK ……, ndipo ukhala choncho kwa masiku 14. Ndimayamba ndikalandira theka. Ndikutumizirani sikechi pasanathe masiku asanu, ndipo mukhoza kusinthitsa kawiri kwaulere. Kupyola apo kulikonse ndi MWK 10,000. Mukavomera sikechi, zazikulu sizisinthanso. Ndikamaliza ndikuonetsani chithunzi chaching'ono chokhala ndi dzina langa pakati. Chenicheni mulandira mukamaliza kulipira. Theka loyamba silibwezedwa. Chithunzi ndi chopachika kunyumba. Kudinda pa malaya, makalendala kapena malonda tipangane padera, ndipo dzina langa lisachotsedwe. Ngati mwagwirizana nazo yankhani kuti NDAVOMERA."

Nangondo_Leeds: Asisi mwayamba bwino kwambiri, ndipo ndi zomveka. Koma mwalemba ndi mkwiyo, zonse zikuteteza inu. Kasitomala wabwino akawerenga adzafunsa kuti nanga ine? Nanga inu mukadwala, kapena mukalephera kumaliza? Ikanimo tsiku lomalizira, ndi lonjezo loti mukalephera ndinu mubweza zonse. Anthu amavomera msanga mfundo zolimba akaona kuti nanunso mwadzimanga. Tisaiwale kuti ojambula odya ndalama za anthu nkuzimitsa foni aliponso, ena mwina ali pagulu pompano.

Digito_265: 👀

Namaluwa: "Theka silibwezedwa" mufewetse. Munthu akasintha maganizo m'mawa mwake musanagule ngakhale pepala, nkumukaniza K75,000 yonse, amfumu kapena khoti sangakumvereni. Nenani kuti musanayambe mubweza, mutatumiza sikechi simubweza. Zikhale zotsata ntchito imene yagwiridwa. Ndipo mzere wa umwini uja mwauiwala, ulembeni mosabisa.

Nangondo_Leeds: Kuno ku Britain lamulo la 2013 limapatsa wogula pa intaneti masiku 14 oti akhoza kubweza katundu, koma katundu wopangidwa motsata zofuna za munthu mmodzi, ngati chithunzi cha galu wake, salowa m'menemo. Komabe ndimalemba, chifukwa makasitomala ambiri amangodziwa za masiku 14 zokhazo.

Tembo wa pa Chipata: Onjezerani za wosowa. Munthu akalipira theka nkuzimiririka, chithunzi mudzasunga mpaka liti? Ine ndi masiku 60, kenaka ntchito yatsekedwa. Ndi za mtengo wotumizira, pa basi kapena pa courier, wolipira ndani, ndipo galasi la fulemu likasweka panjira mlandu ngwa yani. Ine zotumiza kutali sindiika galasi.

Mai a Tadala: Ndi chilolezo choika pa tsamba lanu. Ena chithunzi ndi mphatso yachinsinsi, inu mwaika pa status Lachitatu, ukwati Loweruka, mwaulula. Ena safuna nkhope ya malemu kapena ya mwana wawo izungulire pa intaneti. Funsani.

Digito_265: Watermark, dzina lanu lija la pa chithunzi, ikhale pankhope penipeni asisi, osati pakona. Pakona amadula, pamalo oyera ma app a AI amafufuta mu sekondi. Ndipo chitumizeni chaching'ono, mapikiselo 800 mbali yaitali, choti akadinda pa tisheti chituluke ngati phala. Chodindira cha 300 dpi, chooneka bwino chija, ndi cha amene wamaliza kulipira. Ine ndinaikamonso kuti ntchito yanga asailowetse mu AI.

Madala Gondwe: Mwaonatu. Tinayamba ndi mizere khumi, pano aliyense waponyamo yake, tafika masamba anayi aja. Mayi wa ku Chinsapo wofuna chithunzi cha mwana wake awerenga zonsezi?

Nangondo_Leeds: Apa mwandigwira madala. Mwina zikhale ziwiri. Chachifupi cha pa WhatsApp, chachitali cha akunja ndi makampani.

Mai a Tadala: Ine ndimawerenga mfundozo pa voice note, chifukwa ena kuwerenga kumawavuta koma sanganene. Kenaka ndimatumiza zolembazo, iwo nkuyankha. Ndipo sindinena kuti "malamulo anga", ndimati "mmene ndimagwirira ntchito". Palibe anakwiyapo.

Madala Gondwe: Nanga akabwera amalume ako enieni, kapena abusa? Uwatumizira NDAVOMERA?

Mai a Tadala: Abale ndi amene ndimawatumizira msanga kkkk. Kapena ndimangowauza kuti iyi ndi mphatso, ndipanga ndikapeza mpata. Zapakatikati zija, "tidzaona", ndi zimene zimadanitsa.

Nachisale: Abale ndabwera ndi nkhani. M'mawa uno ndinachita za a Gondwe. Ndinafunsira kwa mayi wina wa ku tchalitchi kwathu, anandilozera kwa amalume ake a bamboyo. Ndinakulunga chithunzi mu chitenje ndikupita. Nkhalamba ija itachiona inakhala chete nthawi yaitali, kenaka inaitana akazi ake. Iwo ankaganiza kuti zonse zinalipiridwa. Anaimba foni ku Joni ine ndili pompo, sindinamve zonse koma mawu anakwera. Pofika masana K80,000 yalowa, ndayang'ana balansi ndekha Mai a Tadala, osati screenshot. Akuti K50,000 kumapeto kwa mwezi.

Chithunzi ndabwera nacho. Amalume anati ndichisiye, ine ndinati chibwera tsiku limene yotsalayo ibwere. Manja amanjenjemera koma ndinanena.

Madala Gondwe: Wachita bwino mwana wanga. Za matisheti unatchula?

Nachisale: Ayi madala, pamaso pa nkhalamba ija mphamvu zinandithera. Imeneyo ndaisiya.

Digito_265: Nanga wa galu?

Nachisale: Ndamutumizira mfundo zija nditakonza, m'Chingerezi. Wavomera zonse koma akufunsa ngati kusintha kawiri kukuphatikiza mtundu wa kolala. Asisi Nangondo ndikulowerani ku inbox mundionetse za invoice, magetsi akangoyaka.